Amene Akukhudzidwa Atuluke

Dzina lakuti Ndondomeko sanalipemphe, koma analikhetsera thukuta. Munthuyu anali wokonza mawotchi ndi magalasi a maso pa kashopu kopanikizika pakati pa butchala ndi saluni, ndipo atasankhidwa kukhala khansala anangonyamula khalidwe la pashopupo n'kupita nalo kukhonsolo. Kwa iye kasikuluwu kalikonse kankayenera kubwerera pabowo pake. Makhansala anzake akafuna kulumpha mfundo kuti nthawi ya tiyi ifike msanga, iye ankatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Pepani a wapampando, ndondomeko." Anzakewo ankausa moyo, ena n'kumayang'ana kudenga, ndipo dzinalo linamumata mpaka anthu anaiwala lenileni.

Komatu kukhonsoloko sanapitire mipando yofewa. Anapitako chifukwa cha malo a kumapeto kwa msewu wakwawo, ndiponso chifukwa cha achemwali ake.

Achemwaliwo anabadwa osamva. Ndiwo anamulera mayi awo atamwalira, ndipo mpaka pano, onse awiri imvi zitayamba, ankakhalabe nyumba imodzi, iwo akusoka mayunifolomu pakhonde, iye akusasula mawotchi m'tauni. Anthu ankati mkazi woti angapirire ndondomeko zake sanabadwe. Awiriwa ankayankhulana ndi manja. Chinenerochi iye ankachidziwa ndithu, koma ankachiyankhula mochedwa ngati munthu woyenda pamatope, moti achemwali ankamuseka kuti ali ndi chibwibwi cha zala.

Kumapeto kwa msewuwo kunali sukulu yakale ya ana a vuto losamva, kumene achemwali anaphunzira. Inatsekedwa kalekale. Makalasi anali atagumuka, mawindo atapita ndi akuba, koma geti lachitsulo linalipobe, pamodzi ndi damu laling'ono lozunguliridwa ndi mitengo italiitali momwe akakowa ankamanga zisa. Inaliponso holo. Kuiona kunja sukanaima n'komwe, inali ngati shedi ina iliyonse. Ubwino wake unali pansi. Amene anaimanga sanathire simenti, anayala matabwa pamwamba pa mphako, kuti mphunzitsi akaponda ndi chidendene kutsogolo, mwana wokhala kumbuyo amve kumapazi kuti akuitanidwa. Achemwali ankati chipinda chimenechi n'chokhacho padziko lonse momwe munthu angawaitane iwo atayang'ana kwina.

Kiyi wa holoyo ankasunga ndi iwo, ndipo madzulo aliwonse ankatsegulira anzawo. Ophunzira akale ambiri anamanga kapena kuchita lendi mumsewu womwewo, poti munthu sapita kutali ndi pomwe amamumvetsa. Msewuwo sunkatulukira kwina kulikonse, unkathera pagetipo, choncho galimoto inkabwera mwa apo ndi apo. Anthuwa ankacheza ataima pakatikati pa msewu, chifukwa kucheza kwa manja kumafuna malo ndi kuwala. Akamayenda, maso ankakhala pa zala za mnzawo, osati kumbuyo.

Kenako kunabwera kampani yofuna kumanga zinyumba zosungiramo katundu. Pamapu a khonsolo malowo anali opakidwa mtundu wa sukulu, ndipo kampani inapempha kuti apakidwe mtundu wa mabizinesi. Nkhani yonse inali yomweyo, kusintha mtundu pamapu. Koma mtunduwo ukangosintha, holo igwa, damu likwiriridwa, mpanda wakumbuyo ubooledwa, ndipo msewu wa achemwali usanduka njira ya malole opita kumsewu waukulu.

Malamulo amafuna kuti zisanatero akatswiri ayambe aona zimene zingaonongeke. Anabwera atatu, aliyense ndi chikwama chake, ndipo palibe ananama. Ichi ndiye chinkamupweteka Ndondomeko, chifukwa wabodza umatha kumugwira. Wa zinthu zakale anagogoda makoma, anayeza njerwa, n'kupeza kuti geti lokha ndilo lakalamba mokwanira. Matabwa a muholo anali atasinthidwapo kangapo, ndiye sankawerengedwa ngati akale. Wa zachilengedwe anakhala m'mbali mwa damu ndi makina ake oonera patali, n'kulemba kuti akakowa si mbalame zosowa, akapeza mitengo ina. Wa zamisewu anawerenga magalimoto ndi anthu oyenda pansi, ndipo poti anali wachifundo anaonjezera kuti pakhale chikwangwani cholamula madalaivala kuliza hutala, komanso belu lolira pageti lole ikamatuluka. Hutala ndi belu, mumsewu wa anthu osamva. Maphunziro ndi abwino, koma ena amakusiya panjira.

Ndondomeko anapita ku ofesi ya amayi a mapulani kukhonsolo, kachipinda kodzaza mapepala okulungakulunga, fani ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo. Amayiwo sanali munthu woipa. Anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi n'kudzitikita m'maso.

"A khansala, ine ndimangoika pa sikelo zimene andipatsa," anatero. "Andipatsa geti, mbalame ndi magalimoto. Zoti anthu amamva ndi mapazi palibe wandipatsa, ndipo sindingaziikepo ndekha."

"Ndiye aziikepo ndani, mayi?"

"Inuyo. Mukazinene mu komiti. Zikanenedwa ndi khansala sangazilumphe. Komanso mukudziwa nokha mmene komiti yagawanikira. Mbali imene mugwere inuyo ndi imene ilemere."

Ankadziwadi. Komiti inali itagawanika pakati, ena akufuna ntchito zimene kampani inalonjeza, ena akukayika, ndipo voti yake ndiyo ikanadula mlandu. Sabata yonse anakhala akukonza mawu oti akanene, akuwang'ung'udza pashopu kagalasi kali padiso, mpaka amayi a pasaluni anafunsa ngati wayamba kupempherera mawotchi.

M'mawa wa tsiku la msonkhano achemwali anamusitira jekete, n'kumuuza kuti nawonso apita. Iye anayesa kuwaletsa.

"Kumeneko kulibe womasulira," anatero ndi zala zake zachibwibwi zija.

"Nanga iwe ndiwe chiyani?" anayankha achemwali. "Ndikhala poti ndizikuona. Uzindiponyera pang'onopang'ono, ine ndizitola."

"Chabwino. Koma musade nkhawa. Holo siigwa ine ndilipo."

Anamumenya paphewa, n'kumukonza kolala ngati akumutumiza kusukulu.

Chipinda cha komiti chinali ndi tebulo lalitali lopindika, mabotolo a madzi, ndi maikolofoni zoyaka zikafuna. Kukhoma kunali chinsalu choonetserapo zithunzi. Kumbuyo kunali mabenchi a anthu ongomvetsera, ndipo pamenepo panakhala abambo a kukampani atavala masuti onunkhira. Achemwali anakhala pa benchi yakutsogolo okhaokha, diresi yawo ya paulendo, chikwama pamiyendo, poti anzawo onse anali kuntchito. Anasankha malo oyang'anizana ndi mlongo wawo ndendende.

Nkhani ya malowo itafika, wapampando anafunsa funso limene amafunsa nthawi zonse, mothamanga ngati pemphero la munthu wanjala. "Tisanayambe, pali amene akukhudzidwa ndi nkhaniyi?"

Ndondomeko anali akusanja mapepala ake. Funsoli analimva, koma silinamulowe m'mutu kuti lingakhale lake. M'maganizo mwake wokhudzidwa anali munthu woti adyapo, ndipo iye panalibe chimene akanadyapo. Anangomva wina akutsokomola pang'ono kumapeto kwa tebulo.

Anali khansala wina amene aliyense ankamutchula kuti Amabasi, poti anali ndi mabasi oyenda m'tauni. Chaka chatha komiti inkakambirana za depoti yatsopano, ndipo Ndondomeko anaimitsa msonkhano, anawerenga lamulo mokweza, mpaka Amabasi anatulutsidwa panja thukuta lili kamukamu. Tsiku limenelo Ndondomeko anapita kunyumba akuyenda mwamatama. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

"A wapampando," anatero Amabasi, modekha ngati munthu wokhuta, "ndondomeko."

M'chipindamo munamveka kuseka.

"Ndimangofuna mundithandize, ine ndine wa mabasi chabe. Nyumba ya anzathuwa siyogundana ndi mpanda wa malowa? Nanga amayi akhala apowa," anawaloza ndi cholembera, "amene amasunga kiyi wa holo, si achemwali awo? Zambiri sindizidziwa ayi, koma chaka chatha ndinaphunzitsidwa."

Achemwali ataona kuti akulozedwa anamwetulira, n'kugwedeza mutu mwaulemu.

Ndondomeko anayankha msanga. "Ine sindipindulapo kalikonse, a wapampando. Ngakhale kakang'ono."

Loya wa khonsolo anakokera maikolofoni pafupi. "Lamulo silinena za kupindula kokha. Likuti wokhudzidwa, kaya iye mwini kaya wachibale wake. Funso ndi limodzi, a khansala. Mukukhudzidwa kapena ayi?"

Mawu amenewa ndi achinyengo. Mnzako akagonekedwa m'chipatala umapita kukamuuza kuti wakhudzidwa kwambiri, ndipo amakuthokoza. Kukhonsolo ukanena mawu omwewo amakuonetsa khomo. Ndondomeko akanatha kukana, inde, pakamwa anali napo. Koma loya akanamutsutsa, ndipo ngakhale akanapanda kumutsutsa, achemwali anali pomwepo akumuyang'ana, akudikira kuti awaponyere kanthu. Kunena kuti sakukhudzidwa pamaso pawo, ngakhale sakanamva, lilime linakana.

"Ndikukhudzidwa," anatero.

"Zikomo chifukwa cha chilungamo chanu," anatero wapampando, ndipo ankaoneka kuti akunena zoona.

"Ndiloleni ndingoyankhula kaye, kenako ndituluke. Pali zina zimene akatswiri sanazione."

"Wokhudzidwa sayankhula, savota, ndiponso sakhala m'chipinda," anatero loya. Anali mawu omwe aja amene Ndondomeko anawawerenga yekha chaka chatha, ndipo anali atawawerenga bwino kuposa pamenepa.

"Ndiye ndikhale kumbuyoko, osati ngati khansala. Achemwali anga samva. Ndiwamasulire chabe."

Wapampando anayang'ana loya. Loya anaganiza pang'ono, kenako anapukusa mutu. Anati palibe wina m'chipindamo amene angadziwe zimene manjawo akunena, ndipo mawa wina akhoza kudandaula kuti ankapereka zizindikiro kwa makhansala. Zinali zomveka. Zonse zimene zinanenedwa tsikulo zinali zomveka, ndipo n'chifukwa chake anasowa pogwira.

Anaimirira, anasonkhanitsa mapepala, cholembera chinagwa, anawerama kuchitola. Podutsa pa benchi ya achemwali manja onse anali odzaza, ndipo chipinda chonse chinali chikumuyang'ana. Anapanira mapepala m'khwapa n'kukwanitsa liwu limodzi lokha. "Dikirani." Achemwali anagwedeza mutu. Mlongo wawo anali munthu wa ndondomeko, ndiye kutulukako kunayenera kukhala mbali ya ndondomekoyo. Mlonda anatsegula chitseko n'kuchitseka pambuyo pake.

Panja panali benchi yolimba, mtsuko wa maluwa apulasitiki ofuka fumbi, ndi khoma lodzaza zithunzi za apampando akale. Chitseko chinali ndi galasi lachifunga, loonetsa mithunzi yokha. Mawu ankadutsa ndithu, ngakhale mozimiririka. Ndondomeko anakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko, ndipo anachita manyazi ndi mmene khutu lake linkasendererera kumeneko. Zinali zitagawidwa mwankhanza. Iye ankamva koma osaona, achemwali ankaona koma osamva, ndipo pakati pawo panali thabwa la chitseko.

"Musadandaule bwana, sizichedwa," anatero mlonda, pofuna kumutonthoza.

Magetsi a m'kati anazimitsidwa, galasi lija linasanduka labuluu. Ankaonetsa zithunzi. Anamva amayi a mapulani akuwerenga za geti, za mbalame, za magalimoto, ndi mawu a munthu amene akuwerenga zimene wapatsidwa. Atafika pa hutala anaima pang'ono, ngati akupereka mpata woti wina atsutse. Palibe anatsutsa. Woti atsutseyo anali panja, mapepala ali pamaondo.

Kenako anamva amayi a famase, ogulitsa mankhwala, khansala amene anali mbali yake. Anayesetsa ndithu, koma nkhani ya holoyo ankangoidziwa pamwamba. Anati amva kuti muholomo muli matabwa abwino kwambiri amene anthu a m'deralo amawakonda. Bambo wa kukampani anayankha mokoma mtima kuti zimenezo n'zosavuta. Matabwawo adzawazula mosamala, adzawapaka vanishi, n'kuwakhoma pakhoma la ofesi yolandirira alendo kuti mbiri isatayike. Wina anati ndi maganizo abwino zedi. Ndondomeko anaimirira, anagwira chogwirira cha chitseko, mlonda anamuyang'ana mopempha, ndipo anachisiya. Matabwa pakhoma. Kaya ndani adzayenda pakhoma kuti awamve.

Anakhalanso pansi. Sanamvepo kuchepa kotere chibadwire. Anali ndi mawu onse oyenera, osanjidwa bwino, ndipo analibe kowapititsa.

Magetsi atayakanso, wapampando anati amene akuvomereza akweze manja. Kunali zii. Anatinso amene akukana akweze manja. Kunalinso zii. Kalaliki ananena kuti manja afanana. Pamenepo malamulo amapereka voti yodula kwa wapampando, ndipo izinso Ndondomeko ankazidziwa pamtima. Wapampando anakamba za ntchito za achinyamata, anakamba za ulemu umene akupereka ku mbiri ya malowo, n'kumaliza ndi kuvomereza. Kumbuyo kunamveka kuwomba m'manja.

Chitseko chinatseguka. Amabasi anadutsa osamuyang'ana, ndipo sankaoneka wosangalala monga ankayembekezera mwini. Amayi a famase anamugwira pamkono n'kupitirira. Amayi a mapulani anatuluka atakumbatira mapu awo, maso ali pansi.

Achemwali anatuluka pomalizira, nkhope ikuwala. Anakoleka chikwama paphewa kuti manja apeze ufulu, ndipo anayamba kuyankhula asanafike n'komwe.

"Waphonya zabwino iwe. Unapita kuti, m'mimba? Anaonetsa sukulu yathu pakhoma. Geti lopaka penti yatsopano, mitengo yobiriwira, akakowa akuuluka pamwamba, anthu akuyenda pa msewu wosalala. Ndinatsala pang'ono kulira. Atayatsa magetsi anthu anakweza manja, nanenso ndinakweza. Mpaka abambo a masuti aja anawomba m'manja, mmodzi anandipatsa moni. Wagwira ntchito, mlongo wanga."

Ndondomeko anaika mapepala pa benchi pang'onopang'ono. Akanakonda kuti manja ake akhalebe odzaza mpaka kunyumba. Achemwali anaima akudikira, moleza mtima monga ankachitira nthawi zonse akamayembekeza zala zake.

"Zithunzi zija n'za kampani," anatero. "Manja oyamba aja anali ovomereza kuti holo igwe."

Anayang'ana zala zake ngati zaphonya. "Bwereza."

Anabwereza.

"Koma geti ndinaliona."

"Geti lokha ndilo litsale."

"Akakowa?"

"Ojambula chabe. Damu alikwirira."

"Msewu?"

"Malole."

Kumwetulira kuja kunachoka mochedwa, ngati kukuyembekezera kuti wina anena kuti ndi nthabwala. Anayang'ana dzanja lawo lamanja, analitembenuza. "Ine ndinakweza nawo."

"Lanu silinawerengedwe. Amawerenga a makhansala okha." Ankaganiza kuti akuwatonthoza, koma atamaliza anaona yekha kuti mawuwo ndi oipa.

"Nanga lako?"

"Ndinali panja."

"Ndinakuona. Chifukwa chiyani?"

Anayamba kufotokoza za lamulo, za gawo lake, za zimene zimachitika munthu akakhala pafupi ndi nkhani, koma zala zinkangokodwa. Achemwali sankayang'ananso zalazo. Ankayang'ana pansi, akubweza m'mutu zonse zimene anaona, chimodzi ndi chimodzi. Kenako anadzutsa mutu.

"Bambo wonenepa uja anandiloza. Atangondiloza, iwe unatuluka." Manja awo, amene nthawi zonse ankathamanga, tsopano ankayenda mochedwa kuposa ake. "Anakutulutsa chifukwa cha ine?"

"Ayi," anatero msanga. "Ayi, n'chifukwa cha nyumba, n'chifukwa cha mpanda, ngakhale mukanakhala kunyumba zikanachitikabe."

Zina mwa izo zinali zoona. Koma munthu amene wakhala akuwerenga nkhope yako kuyambira ukuyamwa sungamunamize ndi zala. Achemwali anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali. Iye anapitiriza kufotokoza, za apilo imene ankadziwa kuti sipita patali, za makalata oti alembe, za anthu oti akawaone. Iwo anangotambasula manja n'kugwira ake onse awiri, akadali m'mwamba pakati pa mawu, n'kuwatsitsa. Anawagwira zolimba, osawasiya, moti panalibenso mmodzi wa iwo amene akanatha kunena kanthu. Mlonda anaima chapatali ndi makiyi ake, akudikira kuti atseke.